Malire a Dedza ndi Ntcheu: mafunso amene mumandifunsa kawirikawiri

Ine kwathu ndi chakufupi ndi Lizulu, kuja umati ukawoloka msewu kukagula kabichi umapezeka watuluka m'dziko osadziwa. Chiyambireni kulembako za mbiri ya kuno mafunso amabwera omwewomwewo, ena pa WhatsApp, ena pamaliro tikukumba manda, ena mu minibasi, nde ndati bola ndiwaike pamodzi kuti wina akafunsanso ndizingomuloza pano. Funso lina likayankhidwa kale pamwamba ndingokubwezani komweko, musadandaule.

Kodi ndi zoona kuti msewu wa M1 ndiye malire a Malawi ndi Mozambique?

Malo ambiri pakati pa Dedza ndi Ntcheu inde, msewu umayenda limodzi ndi malire, mukachokera ku Lilongwe dzanja lamanja ndi Mozambique lamanzere ndi kwathu. Koma si msewu umene unapanga malire ayi. Malire amatsata msana wa mtunda, pamene madzi a mvula amagawikana. Madzi ogwera kum'mawa amatsikira mu Linthipe, Livulezi, Rivirivi mpaka kunyanja kapena mu Shire, ogwera kuzambwe amakathera mu Revubue kenako Zambezi ku Tete. Opanga msewu nawonso amakonda pamsana pomwepo chifukwa sipafuna milatho yambiri, nde ziwirizi zinangokumana. Pena msewu umapatukako pang'ono, choncho musamalumbire kuti phula ndiye mzere weniweni. Mzere weniweni ndi mabikoni, miyala yosonyeza malire.

Anajambula ndani? Si ku Berlin kuja tinaphunzira kusukulu?

Ku Berlin mu 1884 ndi 1885 azungu anagwirizana malamulo a kalandidwe ka Africa, koma mzere wa pa Lizulu sunajambulidwe kumeneko. Apwitikizi ankafuna dziko lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique likhale lawo, Angelezi nawo anali kale ndi amishoni ndi amalonda ku Blantyre ndi kunyanja. Mu 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo ku Shire, ndipo mu January 1890 London inauza Lisbon kuti chotsani anthu anu apo ayi tiwonana. Apwitikizi anagonja. Pangano lenileni linasainidwa pa 11 June 1891, ndipo ndi m'menemo munalembedwa kuti kuzambwe kwa nyanja malire azitsata pogawikana madzi. Anthu oika miyala anabwera patapita zaka, kudzafunafuna pansi chinthu chimene chinali chitagamulidwa kale papepala.

Nanga mafumu a kuno anafunsidwa?

Ayi. Ndipo apa mpomwe nkhani imawawa, chifukwa mtunda umene azungu anawuona ngati malo abwino odulapo unali pakati penipeni pa dziko la Angoni a Maseko. Angoniwa atazungulira mpaka ku Songea ku Tanzania anabwerera nkudzakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870, nthawi ya Chidyaonga kenako Chikuse. Domwe lero ali ku Angonia, ku Mozambique. Dzina loti Angonia lomwelo likukuuzani eni ake. Kuchokera kumeneko ulamuliro wawo unkafika kunyanja ndi ku Shire, ndipo Achewa ndi Antumba ambiri anali pansi pawo, ena mwakufuna ena mogwidwa, tisanamizane.

Nde mzere wa 1891 unadutsa pakati pa ufumu umodzi. Unabweranso nthawi yoipa, Chikuse atangomwalira, Gomani ndi Kachindamoto akumenyana okhaokha, mpaka a Kachindamoto anakakhazikika kumunsi ku Mtakataka. Mbali ya Apwitikizi kunatsala a Zintambira. Mpaka lero pa Umhlangano ku Nkolimbo abale a ku Angonia amabwera ndi zishango zawo kudzavina ngoma, palibe amene amawatcha alendo. Achewa nkhani yake ndi yomweyo, n'chifukwa chake ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Zambia kumakumana mafumu a maiko atatu.

Inkosi Gomani woyamba anaphedwa chifukwa chani?

Chifukwa chimene boma la atsamunda linapereka ndi choti mu 1896 ankhondo ake anaukira midzi yoyandikana ndi mishoni ya Zambezi Industrial Mission cha ku Dombole. Koma pansi pake panali msonkho ndi antchito. Anyamata ake anali atayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya khofi ya azungu ku Blantyre, ena kumathawira kumishoni, ena kumakhoma msonkho kwa mzungu m'malo momvera inkosi, ndipo iye anaona kuti ufumu ukumuchoka m'manja ali maso. Boma, nthawi imeneyo likuyendetsedwa ndi Alfred Sharpe, linatumiza asikari, anamugwira ndipo anamuwombera mu October 1896. Akuluakulu kuno amasimba kuti anakana kuyenda womangidwa ngati kapolo. Manda ake ali kufupi ndi M1 mbali ya Ntcheu, ambiri timangodutsapo pa liwiro.

Chimene ine ndimaona n'choti mfumu yamphamvu yokhala pamalire inali yoopsa kawiri kwa Angelezi. Ikanatha kukana msonkho, komanso ikanatha kugwirizana ndi Apwitikizi. Pamalire ankafunapo mfumu yowerenga nyumba basi.

Ndiye atsamunda ankafuna chani kwenikweni kudera lino, poti minda ya tiyi kunalibe?

Anthu. Chuma cha Nyasaland anachiika ku mapiri a Shire, Blantyre, Zomba, Thyolo, Mulanje, ndipo Ntcheu ndi Dedza ntchito yake inali kutumiza manja. Chida chake chinali msonkho wa nyumba. Poyamba unali masheleni atatu, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika asanu ndi limodzi, koma ukagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi umalipira theka. Mwaona nzeru yake? Palibe amene wakumanga chingwe, koma ndalama uitenga kuti kumudzi kopanda msika? Nde amuna ankatsika wapansi kukalima m'maesiteti, ena kukasenza mtengatenga, ena kupitirira mpaka ku Salisbury ndi ku Joni, pambuyo pake kudzera ku Wenela. Wosakhoma msonkho amesinjala ankatha kumutenthera nyumba kapena kumugwirira mkazi mpaka ndalama ipezeke.

Kutsidya zinali chimodzimodzi koma mopanda manyazi. Angonia Apwitikizi anaisandutsa khola la antchito, asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, ankalowa m'midzi kugwira amuna a chibalo nkuwatumiza kuminda ya nzimbe kumunsi kwa Zambezi ndi kukakumba misewu. Choncho mbali zonse ziwiri dera lomwelo, lachonde, lozizira bwino, mbatatesi ndi chimanga zikuchita kubereka, koma maboma onse awiri ankaliwerenga ngati kothera dziko kumene umakatapako anthu.

Ankhanza kwambiri anali ndani, Angelezi kapena Apwitikizi?

Funso ili limabwera sabata iliyonse. Mukafunsa agogo a m'malire ambiri anena Apwitikizi, ndipo mapazi a anthu amavomereza, chifukwa ochuluka ankathawa kuchoka uko kubwera kuno. Agogo anga aamuna anabadwira kutsidya ndipo ankatiwonetsa zikhatho akamasimba za palamatoriya, thabwa lija lobowola mabowo lomenyera m'manja, amati ukamenyedwa madzulo m'mawa sungagwire khasu koma kumunda kwa boma upitabe. Chibalo chinathetsedwa pa lamulo mu 1961 mokha, taganizani.

Koma musawayeretse Angelezi. Kunali nyengo zina anthu ankathawira uko, makamaka msonkho ukavuta kuno. Mabanja ena anali ndi khumbi mbali zonse ziwiri, kalaliki wa msonkho akamveka ku Ntcheu anthu agona ku Angonia, asipayi akamveka uko anthu abwerera. Agogo ankaseka akamanena zimenezi, amati mzungu anatipatsa mzere ife tinausandutsa chitseko. Bwana DC ndi mnzake wa ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulongwe, onse ankadandaula za anthu osadziwika kuti ndi a ndani. Kukayikira anthu a m'malire kunayambira pamenepo, ndibwereranso pa funso la ndale za lero.

Palibe chabwino chimene anasiya?

Chilipo, koma onani amene anachita. Masukulu ndi zipatala zoyamba zambiri ndi za amishoni: Nzama mu 1901, Mua mu 1902, Mlanda, Bembeke, Gowa, Livulezi. Boma lenilenilo linachedwa, ngakhale tiyenera kuvomereza kuti sekondale yake yoyamba linaimanga ku Dedza mu 1951. Njanji yopita ku Salima ya m'ma 1930 inadutsa kumunsi, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka, kumtunda kumalire kuno sinayandikire.

Ngakhale mapemphero malire anawagawa. Amishoni a Dutch anatsegula Mphatso ku Angonia mu 1909, Apwitikizi anatseka mu 1922 chifukwa sankafuna Apulotesitanti achilendo pamalire awo, nde Akhristu a uko ankawoloka kudzabatizidwa ndi kudzadya mgonero kuno. Uko kunatsala Akatolika a ku Lifidzi ndi sukulu za Chipwitikizi. N'chifukwa chake lero msuweni wanu wa kutsidya mumayankhulana Chichewa chimodzi koma akayamba kuwerengera ndalama amasinthira ku Chipwitikizi.

Nkhani ya Gomani wachiwiri yothawira ku Mozambique inayenda bwanji?

Iyi ndimaikonda chifukwa ikuwonetsa zonse pamodzi. Philip Gomani anali mfumu imene boma linkaidalira zaka zambiri, makamaka chikhazikitsireni ulamuliro wodzera m'mafumu mu 1933. Koma mu 1953, nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland itafika povuta, iye anauza anthu ake kuti asiye kumvera malamulo a malimidwe, zija zokakamiza mizere ndi migula zimene anthu ankamangidwa nazo. Boma linamuuza kuti abweze mawu, anakana, linamuchotsa paufumu nkulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. Apolisi atafika ku Lizulu kudzamutenga anthu anatchinga, kunali chipwirikiti ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo mfumu, ili yodwala kale, inawolokera kutsidya pamodzi ndi m'busa wa Anglican Michael Scott amene ankathandiza olimbana ndi chitaganya.

Apwitikizi sanachedwe, anawagwira nkuwabweza kwa Angelezi. Scott anathamangitsidwa m'dziko, Gomani anamwalira mu 1954 ali kuchipatala cha Malamulo, kutali ndi kwawo. Ndiye onani, azungu awiriwa ankakangana pa mapu zaka zonsezo, koma pa nkhani yogwira munthu wakuda wosamvera anali pachibale. Munthu wamba wothawa msonkho ankatha kusowa m'midzi, koma mfumu yotchuka chitseko chija chinaitsekera.

Titalandira ufulu mu 1964, bwanji sitinangokonza malirewo?

Chaka chomwecho atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo anagwirizana kuti malire a atsamunda asakhudzidwe, poopa kuti ukasuntha mwala umodzi nkhondo sizitha. Komanso Mozambique inali idakali ya Apwitikizi mpaka 25 June 1975. Kamuzu ankanenapo kuti dziko la Maravi linali lalikulu kuposa Malawi wa lero, koma pochita zinthu anasankha ubale ndi Apwitikizi chifukwa katundu wathu ankadzera ku Beira ndipo kenako ku Nacala, mpaka Jorge Jardim, mzungu wamalonda wa ku Beira, anali kazembe woimira Malawi kumeneko. A Frelimo zimenezi sanaziiwale.

Nkhondo za ku Mozambique zinatikhudza motani kuno?

Amene munabadwa m'ma 1990 mumangoona zigumukire za masitolo a Apwitikizi kutsidya kwa msewu, zina zidakali ndi mabowo a zipolopolo. Kale amenewo anali masitolo odzadza, anthu a kuno ankagulako nsalu ndi vinyo. Nkhondo ya Frelimo inafika ku Tete mu 1968, koma yowawa kwambiri kwa ife inali ya Renamo, a Matsanga, makamaka kuyambira 1986. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1990 Malawi inali ikusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali m'gulu la maboma olandira ochuluka. Kuno ambiri sanakhale m'makampu a mpanda ngati kwina, anangolowa m'midzi kwa abale awo. Pakhomo pathu panafika achemwali awo a agogo ndi ana asanu ndi mbuzi ziwiri, anamanga kuseri kwa nkhokwe, ndipo usiku tinkamva mfuti kutsidya ife tikudya nsima ya ufa wa marefuji ndi nandolo. Mitengo ya m'mapiri ambiri inathera nthawi imeneyo, anthu anachuluka kuposa nkhuni.

Mu September 1986 Samora Machel ananena poyera kuti Malawi ikuthandiza Renamo ndipo anaopseza kutseka malire ndi kuikapo mizinga, mwezi wotsatira anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mizinga imeneyo ikanaikidwa bwenzi italoza makomo athu, osati ku Sanjika. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndipo ambiri anabwerera, ena anatsala poti anali atakwatira kapena kukwatiwa.

Musaiwalenso kuti kuthawa kunali mbali zonse. A Mboni za Yehova ataletsedwa mu 1967 nkuyamba kuzunzidwa, zikwizikwi anakakhala kutsidya kwa Mlangeni m'ma 1970. A Payoniya nawo atathamangitsidwa ndi asilikali pa Operation Bwezani mu December 1993, ena analowera ku Mozambique komweko.

Zonsezi zikukhudzana bwanji ndi ndale za lero?

Choyamba ndi mafumu. Atsamunda anasandutsa ufumu kukhala ofesi ya boma, amene angakweze, kutsitsa kapena kuchotsa ndi boma. Titadzilamulira mphamvu imeneyo sinabwerere kwa eni mbumba, lamulo la mafumu la 1967 linangoipereka kwa pulezidenti. Nde mukaona mfumu ikuyankhula mosamala pamsonkhano wa chipani cholamula, kumbukirani zimene zinachitikira a Gomani awiri aja. Uko Frelimo inachita zosiyana, inawakana mafumu mu 1975 ponena kuti anali zida za Apwitikizi, nkudzawazindikiranso mu 2000. Mzere umodzi wa ufumu, mbiri ziwiri.

Chachiwiri ndi kukayikiridwa. Chisankho chilichonse mumva mphekesera zoti a ku Mozambique akulembetsa, makuponi a feteleza akabwera mumva zomwezo, kuchipatala mankhwala akatha akuti atha ndi akutsidya. Zina mwina zimachitikadi, sindikukana, ana a kutsidya ambiri amaphunzira kuno ndipo amayi amabwera kusikelo kuno poti ndi pafupi. Koma ifenso timalima uko, ndipo chaka cha njala chimanga chimene chimatipulumutsa chimatsika panjinga kuchokera ku Angonia, pamenepo palibe amene amafunsa chitupa. Nthawi yolembetsa ziphaso za unzika mu 2017 azakhali anga, munthu woti anabadwira kuno, anakhoma msonkho wa kadi ya chipani zaka zonse za Kamuzu, anabwezedwa kawiri ndi kalaliki wina chifukwa anatchula mudzi wa bambo awo umene uli kutsidya. Mpaka anyakwawa anachita kupita nawo. Anabwera akuseka koma madzulo ake sanadye.

Chachitatu ndi chitukuko. M1 ndi yokongola chifukwa ikulumikiza Lilongwe ndi Blantyre, sanaimangire ife. Tapatukani kulowera ku Tsangano nthawi ya dzinja kapena midzi ya kuseri kwa Dedza, muone m'mene mbatatesi zimavutikira kufika pamsewu. Boma likakumbukira malire nthawi zambiri limabwera ndi rodibuloko.

Nanga bwanji Ntcheu ndi Dedza amavota mosiyana chonsecho ndi oyandikana?

Apa ndisakunamizeni kuti zonse ndi atsamunda. Pa referendamu ya 1993 Dedza inatsalira ku chipani chimodzi pomwe Ntcheu inasankha zipani zambiri, ndipo mu 1994 Ntcheu inapita ku UDF, Dedza ku MCP. Dedza kunali a John Tembo, ndipo Achewa ndi ochuluka. Ntcheu anthu anali ndi chilonda cha Albert Muwalo, mwana wa kuno amene anali mlembi wamkulu wa MCP nkudzanyongedwa mu 1977. Gawo la mbiri yakale ndi loti Ntcheu kuyambira nthawi ya msonkho ija maso ake anali kummwera, kumene anthu ake ankakagwira ntchito, n'chifukwa chake mpaka lero mu Ndirande ndi mu Zingwangwa simungayende mtunda osakumana ndi wa kwa Ganya kapena kwa Njolomole. Pamapu tili m'chigawo chapakati, koma azibale athu ambiri ali ku Blantyre.

Kodi kuwoloka kukaona abale kapena kukagula zinthu ndi mlandu?

Pa lamulo powolokera ndi pa boda, ya Dedza imene kutsidya kwake ndi Calomue, kapena Biriwiri kuno ku Ntcheu, ndipo ngati mukulowa mkati ngati ku Ulongwe kapena ku Tete tengani pasipoti kapena chiphaso cha pa boda, musayerekeze. Apolisi a uko sacheza, ndipo Chichewa amachiiwala dala akakugwirani. Koma za pamsika wa Lizulu kapena Tsangano, kapena maliro a mudzi woyang'anana nawo, aliyense amangowoloka, kwacha ndi meticais zonse zimayenda. Katundu wambiri ngati matumba a chimanga kapena feteleza ndiye nkhani ina, pamenepo malamulo a kasitomu amagwira ntchito ndipo amasinthasintha, funsani pa boda musananyamule.

Munda wathu wapezeka kutsidya kwa bikoni, ndiye kuti talandidwa?

Funso ili lachuluka chiyambireni maboma awiriwa kuyendera malire nkumaika mabikoni atsopano. Iwo amati sakusuntha malire, akungotsimikiza mzere wakale uja wa pogawikana madzi, ndipo nthawi zambiri n'zoona, kungoti miyala yakale inali yotalikirana, ina inagumuka, ina anthu anaphwanya, nde mibadwo itatu yalima osadziwa kuti mzere wadutsa pakati pa mizere ya chimanga. Chimene chasintha ndi choti munda umenewo uli pansi pa malamulo a Mozambique, ndipo kumeneko nthaka yonse ndi ya boma, munthu amangokhala ndi ufulu wolimapo.

Bikoni musaizule, umenewo ndi mlandu mbali zonse ziwiri. Yambani kwa anyakwawa anu, iwo akakumane ndi mfumu ya kutsidya, kawirikawiri amakhala pachibale kapena anavinira limodzi, ndipo nkhani zambiri zimathera pamenepo. Zikakanika ndiye zipite kwa a T/A ndi kwa DC, poti maboma a m'malire amakhala ndi misonkhano ndi anzawo a ku Angonia ndi Tsangano. Amalume anga munda wawo bikoni inaima pakati penipeni, mizere 40 kuno ina yotsala uko. Chaka chatha anakolola mbali zonse, ndipo pa bikonipo mpomwe amatsamiritsa njinga akamapalira.